Mchere wokwanira tsiku limodzi: mmene mungauyezere ndi kuuchepetsa

Tengani supuni yaing'ono, ija yothirira shuga mu tiyi. Tapani mchere, kenako salazani pamwamba ndi chala kuti usakhale wa mulu. Kamchere katsala m'supunimoko kapitirira kale pang'ono mlingo umene munthu wamkulu ayenera kudya kuyambira podzuka mpaka pokagona. Mlingowo ukuwerengera mchere wonse: wothira mumphika, wowaza pambale, wa mu buledi, wa m'zakudya zam'chitini, ngakhale wa m'mankhwala ena. Anthu ambiri akaona supuniyo amapukusa mutu n'kunena kuti n'zosatheka. Inenso ndinapukusa mutu.

Chinandisintha maganizo ndi matenda a mayi anga. Atawapeza ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, anabwera kunyumba ndi mapiritsi komanso langizo la mawu awiri: "Chepetsani mchere." Palibe anawauza kuti wochepawo ndi wochuluka bwanji. Kwa miyezi ingapo tinkakhulupirira kuti tachepetsa, poti botolo la mchere tinali titalichotsa patebulo, koma BP yawo inangokhala pomwepo. Tsiku limene tinayamba kuyeza m'pamene tinazindikira kuti dzanja lothira mumphika silinasinthe ngakhale pang'ono. N'chifukwa chake malangizo awa ndawayala pa kuyeza, kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Choyamba: gwirani manambala awa pamtima

Mchere ndi sodiyamu anthu amazitchula ngati chinthu chimodzi, koma n'zosiyana. Mchere wa m'khitchini uli ndi zinthu ziwiri, sodiyamu ndi kolorayidi. Pa magalamu 10 a mchere, pafupifupi magalamu 4 ndi sodiyamu. Sodiyamuyo ndi amene amakweza BP, ndiye madokotala ndi mapaketi ambiri a zakudya amawerengera iyeyo. Masamu ake ndi osavuta: mukachulukitsa sodiyamu ndi 2.5 mupeza mchere. Mamiligalamu 1,000 a sodiyamu ndi magalamu 2.5 a mchere.

Thupi limamufunadi sodiyamu. Popanda iye minyewa singatumize uthenga, minofu singagwire ntchito, ndipo madzi a m'thupi sangakhale pa mlingo wake. Koma limafuna wochepa zedi. Bungwe la American Heart Association limanena kuti thupi limatha kugwira bwino ntchito ndi sodiyamu wosakwana mamiligalamu 500 pa tsiku, kutanthauza mchere wosakwana kota ya supuni ija. Mu 2019 akatswiri a National Academies ku United States anaika mamiligalamu 1,500 ngati mlingo wokwanira bwinobwino kwa munthu wamkulu. Munthu amene amadya mokwanira savutika kupeza mlingo umenewu.

Vuto lili kumtunda. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a 2012, linati munthu wamkulu asafike mamiligalamu 2,000 a sodiyamu pa tsiku, kapena kuti magalamu 5 a mchere. Ku United States malire ake ndi mamiligalamu 2,300, ku Britain ndi magalamu 6 a mchere, ndipo American Heart Association imati zingakhale bwino kwambiri kutsikira pa mamiligalamu 1,500, makamaka kwa amene BP yawo ndi yokwera kale. Kusiyana kwa manambalawa kusakusokonezeni. Onse ali pafupipafupi, ndipo onse ali kutali ndi zimene anthu akudya: WHO inalengeza mu 2023 kuti munthu wamkulu amadya pafupifupi mamiligalamu 4,310 a sodiyamu pa tsiku, omwe ndi magalamu 10.78 a mchere, kuwirikiza kawiri malire aja n'kupitirira. Chaka chomwecho bungweli linawerengera kuti anthu pafupifupi 1.89 miliyoni amamwalira chaka chilichonse ndi matenda okhudzana ndi kudya sodiyamu wambiri. Ine ndimagwiritsa ntchito nambala ya WHO chifukwa ndi yosavuta kukumbukira: 2,000 sodiyamu, 5 mchere.

Chimachitika m'thupi n'chakuti sodiyamu amakoka madzi. Akachuluka m'magazi, thupi limasunga madzi ambiri kuti amusungunule, magazi amachuluka m'mitsempha, mtima n'kumapopa mwamphamvu kuposa kale. Impso zimayesetsa kutulutsa wotsalayo kudzera mumkodzo, koma zaka zikamapita mitsempha imalimba, mtima umatopa, impso nazo zimafooka. Mapeto ake ndi sitiroko, matenda a mtima kapena a impso. Mchere wambiri umagwirizananso ndi khansa ya m'mimba ndi miyala ya mu impso. Choopsa n'chakuti BP yokwera nthawi zambiri siipweteka. Munthu amayenda, kugwira ntchito, kuseka, osadziwa kanthu.

Umboni wakuti kuchepetsa kumathandiza ulipo. Pa kafukufuku wotchedwa DASH-Sodium, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2001, anthu 412 anapatsidwa zakudya za milingo itatu ya sodiyamu, mlingo uliwonse kwa masiku 30. Sodiyamu akatsika BP inkatsika, ngakhale kwa anthu amene analibe matendawa.

Chachiwiri: yezani mchere wa m'nyumba mwanu musanasinthe chilichonse

Apa m'pamene ambiri amadumpha, ndipo m'pamene ndikukupemphani kuti muchedwepo. Musayambe n'kuchepetsa. Yambani n'kudziwa pamene muli.

Mukatsegula paketi yatsopano ya mchere, lembani deti pa paketipo ndi cholembera. Muziphika monga mwa masiku onse, osadziletsa. Ikatha, werengani masiku, gawani kulemera kwa paketi ndi masikuwo, kenako gawaninso ndi chiwerengero cha anthu odya m'nyumbamo. Tiyerekeze kuti paketi ndi ya magalamu 500, m'nyumba muli anthu 5, ndipo yatha m'masiku 20. Ndiye kuti pa tsiku mumathira magalamu 25, aliyense magalamu 5. Banja limeneli lafika kale pamalire ndi mchere wa mumphika wokha, lisanadye buledi, lisanathire zokometsera, lisanagule chilichonse kunja. Ikatha m'masiku 14, aliyense akudya magalamu oposa 7.

Masamuwa si angwiro. Mchere wina umatayika ndi madzi owiritsira, ndipo ana amadya pang'ono kuposa akuluakulu, kutanthauza kuti gawo la wamkulu ndi lalikulu kuposa limene mwapeza. Komabe nambalayo ndi yokwanira kukuonetsani njira. Ofufuza akafuna nambala yeniyeni amayeza mkodzo wa maola 24, popeza pafupifupi magawo 9 mwa magawo 10 a sodiyamu amene tadya amatuluka mumkodzo, koma inu ndi ine paketi ndi cholembera zitikwanira.

Kenako yezani dzanja. Tsinani mchere mmene mumatsinira pothira mumphika, koma m'malo mouponya mumphika uikeni m'supuni yaing'ono. Chitani zimenezi katatu. Titayesa kwathu, mayi anatsina ndi zala zinayi, mwachangu, maso ali kwina, ngati mmene akhala akuchitira kwa zaka makumi ambiri. Anati ndi "kamchere pang'ono chabe". Titathira m'supuni, kanadzaza theka. Ndipo mphika uliwonse unkalandira kawiri: koyamba pothira madzi, kachiwiri akalawa. Anakhala chete kwa kanthawi akuyang'ana supuniyo, kenako anafunsa kuti kabotolo kopanda kanthu tingakapeze kuti.

Kabotoloko ndi chida chanu chachikulu. Pezani kachitini kapena kabotolo kokhala ndi chivindikiro, ndipo m'mawa uliwonse muziyezeramo mchere wa tsiku lonse wa banja lonse. Wophika aliyense azitapa mmenemo basi. Supuni yaing'ono yosalaza imalemera pafupifupi magalamu 6 ndipo imakhala ndi sodiyamu pafupifupi mamiligalamu 2,300. Cholinga chimene mukulowera ndi theka la supuni kwa munthu wamkulu aliyense, kuti theka linalo lisiyidwire sodiyamu wa m'zakudya zogula. Koma musayambire pamenepo. Sabata yoyamba ikanimo mlingo umene mwapeza kuti mumadya kale.

Chachitatu: fufuzani sodiyamu wosaoneka

Mabanja amasiyana. Kumene chakudya chambiri chimaphikidwa pakhomo kuchokera ku zinthu zaziwisi, sodiyamu wambiri amachokera ku mchere wa mumphika ndi zokometsera. Kumene anthu amadalira zogula zokonzakonza, nkhani imatembenuka: ku United States, kumene munthu amadya pafupifupi mamiligalamu 3,400 pa tsiku, sodiyamu woposa 70 pa 100 alionse amachokera m'zakudya za m'mapaketi ndi za m'malesitilanti. Dzifunseni kuti nyumba yanu ili mbali iti, chifukwa yankho lake ndi limene likuuzeni pogwira poyamba.

Tsegulani kabati n'kutulutsa chilichonse cha m'paketi, m'chitini kapena m'botolo. Zimene muyenera kuziyang'anitsitsa ndi izi. Buledi sumveka mchere pakamwa, koma poti timadya tsiku ndi tsiku umaunjika sodiyamu mwakachetechete. Nyama zokonzedwa kufakitale monga soseji, poloni, hamu ndi bekoni zimasungidwa ndi mchere, chimodzimodzi nyama kapena nsomba youma yothiridwa mchere. Tchizi, majarini, tchipisi ta m'mapaketi, mabisiketi ndi supu waufa zilinso m'gulu lomweli. Paketi imodzi ya noodles zija zongothira madzi otentha, mukathira kasacheti kake konse, nthawi zambiri imapitirira theka la mlingo wa tsiku.

Zokometsera ndiye zimene zimanyenga kwambiri. Timabulu tokometsera msuzi nthawi zambiri pafupifupi theka la kulemera kwake ndi mchere, komatu ambiri amaponya kabulu mumphika n'kuthiranso mchere pamwamba ngati kuti kabuluko ndi fungo lokha. Supuni yaikulu imodzi ya sosi wa soya imayandikira mamiligalamu 900 kapena 1,000 a sodiyamu. Soda wophikira, amene ena amathira kuti nyemba kapena masamba zifewe msanga, ndi sodiyamu ndithu ngakhale sakoma ngati mchere: supuni yaing'ono imodzi ili ndi mamiligalamu oposa 1,200. Ufa wotupitsa makeke ulinso ndi sodiyamu. MSG, ufa woyera wokometsera zakudya, ali naye, koma wochepa poyerekeza ndi mchere, pafupifupi 12 pa 100 a kulemera kwake.

Pali chinanso chimene anthu ochepa amachiganizira: mapiritsi osungunula m'madzi, aja amachita thovu m'kapu. Piritsi limodzi la paracetamol la mtundu umenewu limatha kukhala ndi sodiyamu pafupifupi mamiligalamu 400. Ngati muli ndi BP yokwera ndipo mumamwa mankhwala otere kawirikawiri, funsani dokotala kapena wogulitsa mankhwala ngati alipo ongomeza.

Chachinayi: phunzirani kuwerenga paketi

Kuseri kwa paketi kumakhala kabokosi ka manambala. Fufuzani mzere wolembedwa sodium, salt, kapena zilembo Na. Onani kaye ngati alemba sodiyamu kapena mchere, chifukwa mukasokoneza ziwirizi masamu onse alakwika. Kenako onani ngati nambalayo ndi ya magalamu 100 kapena ya gawo limodzi lodya. Poyerekeza zinthu ziwiri, gwiritsani ntchito ya magalamu 100, chifukwa gawo lodya kampani iliyonse imadziikira yokha, ndipo kawirikawiri limakhala laling'ono kuposa limene munthu amadyadi.

Muyezo wa ku Britain ndi wothandiza kulikonse: chakudya chokhala ndi mchere woposa magalamu 1.5 pa magalamu 100, kapena sodiyamu woposa mamiligalamu 600, n'chamchere wambiri. Chokhala ndi mchere wa magalamu 0.3 kapena kutsika, sodiyamu pafupifupi mamiligalamu 100, n'chamchere wochepa. Mapaketi a ku United States amalemba maperesenti a mlingo wa tsiku: 5 kutsika ndi wochepa, 20 kukwera ndi wambiri.

Tiyerekeze kuti buledi walembedwa mamiligalamu 450 pa magalamu 100, ndipo masilayisi awiri amalemera magalamu 80. Ndiye kuti mwadya mamiligalamu 360. Mukadya anayi, 720, kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a tsiku lonse, musanapake kalikonse. Mukapeza buledi wina wa 350, mwapulumutsa sodiyamu tsiku lililonse popanda kusintha kadyedwe.

Chenjerani ndi mawu okopa a kutsogolo kwa paketi. Pa malamulo a ku United States, mawu akuti reduced sodium amangotanthauza kuti achotsako osachepera 25 pa 100 poyerekeza ndi chakudya chomwecho cha nthawi zonse. Ngati choyambacho chinali chowawa mchere, chochepetsedwacho n'chamchere wambiribe.

Chachisanu: chepetsani pang'onopang'ono, banja lonse pamodzi

Munthu akadula mchere tsiku limodzi, chakudya chimazizira mkamwa, a m'nyumba amadandaula, ndipo sabata isanathe botolo labwerera patebulo. Lilime limazolowera zimene timalipatsa, ndipo limatha kuzolowera zatsopano, koma limafuna masabata angapo, kwa ena miyezi iwiri kapena itatu. Mukachotsako pang'ono silizindikira n'komwe. Dziko la Britain linagwiritsa ntchito nzeru yomweyi: makampani ankachepetsa mchere mu buledi ndi zakudya zina pang'onopang'ono, ndipo pakati pa 2003 ndi 2011 mchere umene munthu wamkulu ankadya unatsika kuchoka pa magalamu pafupifupi 9.5 kufika pa 8.1 pa tsiku. South Africa inachita kukhazikitsa lamulo, limene linayamba kugwira ntchito mu 2016, loika malire a sodiyamu mu buledi, majarini, supu waufa ndi zina.

Inu chitani chimodzimodzi ndi kabotolo kanu. Masabata awiri alionse muzichotsako pang'ono, mwina gawo limodzi mwa magawo 10 kapena kuposerapo pang'ono, mpaka mufike pa theka la supuni kwa munthu aliyense. Wina akadandaula, khalani pa mlingo womwewo sabata ina, koma musabwerere m'mbuyo.

Ndikutsindika za banja lonse chifukwa ndaona mmene kuphikira wodwala kamphika kakekake kumapwetekera. Amadya yekha chakudya chozizira akumva fungo la cha anzake, amadziona ngati wolangidwa, ndipo tsiku lina amatapa mchere mobisa. Komanso enawo, amene akuti ali bwino, akudya mlingo womwe unadwalitsa mnzawoyo. Mphika ukhale umodzi.

Pophika, lawani musanathire. Zikumveka zachibwana, koma yang'anani patebulo lililonse muone anthu angati amawaza mchere asanaike chakudya mkamwa. Mphika umodzi ulandire mchere kuchokera kumodzi: mukaika kabulu kokometsera, mchere musathirenso, mukaphika ndi nyama kapena nsomba yamchere, imeneyo ikoleretse mphika wonse. Nyama kapena nsomba yotereyi iviikeni kaye m'madzi, n'kutaya madziwo. Nyemba ndi masamba a m'chitini tsanulani madzi ake n'kuzitsukuluza pampopi. Mukatero, pa nyemba mwachotsa gawo limodzi mwa magawo atatu a sodiyamu kapena kuposa. Kasacheti ka noodles thirani theka. Madzi owiritsira mpunga, pasta kapena mbatata safuna mchere.

Kukoma kumene mwachotsa kubwezereni ndi zina. Anyezi akazingeni mpaka afiire, chifukwa akafiira amatulutsa kukoma kumene mchere sungapereke. Adyo, jinja, tsabola, tomato wophikidwa mpaka kulemerera, zonsezi zimadzaza mkamwa. Chimene chinatithandiza kwambiri kwathu ndi zowawasa: madontho angapo a mandimu kapena viniga pamapeto, mphika utaphulidwa kale. Chakudya chimene chimamveka ngati chasowa mchere nthawi zambiri chimadzuka ndi mandimu. Ndipo kamchere kochepa kamene muli nako, kathireni chakumapeto, kuti kakhale pamwamba pamene lilime likukhudza.

Mukamadya kunja simungayeze, choncho pemphani kuti sosi aikidwe pambali, pewani kuwaza mchere wa patebulo, ndipo tsiku limenelo chakudya chinacho kunyumba chikhale chopepuka mchere.

Chachisanu ndi chimodzi: ana ali ndi mlingo wawo

Mwana wosakwana chaka asathiridwe mchere m'chakudya chake ngakhale pang'ono. Impso zake sizinakhwime, ndipo mkaka wa m'mawere kapena wa m'chitini uli kale ndi sodiyamu womukwanira. Mukamaphika chakudya cha banja, patulani gawo la khanda musanathire mchere kapena zokometsera. Achipatala a NHS ku Britain amapereka malire awa a mchere pa tsiku: wosakwana chaka, osafika galamu imodzi, wazaka 1 mpaka 3, magalamu 2, wazaka 4 mpaka 6, magalamu 3, wazaka 7 mpaka 10, magalamu 5, kuyambira zaka 11, magalamu 6. Mwana wazaka zitatu akadya paketi ya tchipisi ndi soseji imodzi akhoza kukhala atatha kale gawo lalikulu la tsiku lake. Lilime limene mwana akula nalo ndi limene adzaphikire ana ake, ndiye gawo ili ndimaliona kuti n'lofunika kuposa mmene kufupika kwake kukuonetsera.

Chachisanu ndi chiwiri: potaziyamu, ayodini ndi michere yamitundumitundu

Potaziyamu amathandiza impso kutulutsa sodiyamu ndipo amafewetsa mitsempha. WHO imalangiza munthu wamkulu kupeza mamiligalamu osachepera 3,510 pa tsiku kuchokera m'zakudya, komanso kudya zipatso ndi ndiwo zamasamba zosachepera magalamu 400. Nyemba, nthochi, mapeyala, mbatata, tomato ndi masamba obiriwira zili ndi potaziyamu wambiri, ndipo mwachibadwa sodiyamu wake ndi wochepa.

Palinso mchere wosakaniza, umene gawo lina la sodiyamu analichotsa n'kuikamo potaziyamu. Ku China anachita kafukufuku wamkulu m'midzi 600, pa anthu pafupifupi 21,000 amene ambiri anali atadwalapo sitiroko kapena anali achikulire a BP yokwera. Midzi ina inapatsidwa mchere wokhala ndi magawo 75 a mchere wamba ndi magawo 25 a mchere wa potaziyamu. Patatha zaka pafupifupi zisanu, zotsatira zimene zinatuluka mu 2021 zinaonetsa kuti sitiroko inachepa ndi 14 pa 100 pakati pa ogwiritsa ntchito mcherewo. Mu January 2025 WHO inatulutsa malangizo olimbikitsa akuluakulu kugwiritsa ntchito mchere woterewu m'malo mwa mchere wamba. Koma langizoli silikhudza ana, amayi oyembekezera, ndi anthu odwala impso. Potaziyamu akachuluka m'magazi amasokoneza kugunda kwa mtima ndipo akhoza kupha. Ngati mumamwa mankhwala monga enalapril, losartan kapena spironolactone, amene amasunga potaziyamu m'thupi, musagule mchere umenewu musanafunse dokotala.

Mchere wa m'nyanja, wamiyala, kapena wapinki wa ku Himalaya, musanamizidwe nawo. Mukaika pasikelo, sodiyamu wake ndi wofanana ndi wa mchere wamba. Wamibulu ikuluikulu umaoneka wopepuka m'supuni chifukwa cha mipata ya pakati pa mibuluyo basi. Chofunika kuyang'ana pa paketi ndi ayodini. Kusowa kwa ayodini kumayambitsa chithokomiro ndipo kumasokoneza kakulidwe ka ubongo wa mwana ali m'mimba, n'chifukwa chake WHO imati mchere wonse wodya ukhale wa ayodini. Michere yambiri yodula ija ilibe ayodini. Wochepa amene mukudyayo akhale wa ayodini, ndipo muzisunga m'chotengera chotseka, pouma.

Chachisanu ndi chitatu: dziwani nthawi imene thupi likufuna sodiyamu

Munthu akatsekula m'mimba kapena kusanza kwambiri amataya madzi pamodzi ndi sodiyamu. Nthawi imeneyo si yowerengera masupuni. Mupatseni ORS wosungunula m'madzi aukhondo mogwirizana ndi zolembedwa pa paketi, ngakhale akhale wa BP yokwera, ndipo zikapitirira thamangirani kuchipatala.

Ogwira ntchito yolemetsa padzuwa kwa maola ambiri, ndi othamanga mitunda italiitali, amataya sodiyamu m'thukuta. Akamangomwa madzi ochuluka osadya kanthu, sodiyamu wa m'magazi akhoza kutsika kupitirira mlingo wake, umene uli pakati pa 135 ndi 145 pa muyezo wa kuchipatala. Zizindikiro zake ndi mutu, nseru, kufooka ndi kusokonezeka maganizo, ndipo zikafika poipa munthu amakomoka. Wosokonezeka kapena wokomoka apite kuchipatala mwamsanga. Koma thukuta la tsiku wamba, kapena la kuyenda ndi kuchita masewera kwa ola limodzi, chakudya cha nthawi zonse chimalibwezeretsa. Lisakhale chifukwa chowonjezera mchere.

Ena ayenera kukambirana ndi dokotala asanasinthe kwambiri kadyedwe: omwa mapiritsi okodzetsa, omwa lithium, odwala matenda a Addison, a mtima wofooka, a impso kapena chiwindi, komanso amayi oyembekezera. Ena mwa amenewa adzauzidwa kutsika kuposa magalamu 5, ena adzauzidwa kusatsika. Ndipo amene muli pa mankhwala a BP, musawasiye chifukwa choti mwachepetsa mchere. BP ikatsika, dokotala ndi amene angachepetse mankhwalawo.

Chomaliza: yezaninso

Musanayambe, yezetsani BP n'kulemba nambala zonse ziwiri pamodzi ndi deti. Poyeza khalani pansi mphindi zisanu kaye, msana utatsamira, mapazi ali pansi, mkono utagona patebulo molingana ndi mtima, ndipo musakhale mutamwa khofi kapena kusuta fodya m'mphindi 30 zapitazo. Yezani kawiri. Ikamapezeka pa 140/90 kapena kuposa pa masiku osiyana, imeneyo ndi BP yokwera ndipo ikufuna dokotala, kaya mukumva bwino kapena ayi. Yezaninso pakatha mwezi, kenako pakatha miyezi itatu. Ena amaona kusintha m'masabata ochepa, makamaka achikulire ndi amene BP inali yokwera kale. Ena amatsika pang'ono chabe, ndipo pang'onopo n'ngophindulabe.

Paketi ya mchere nayo ipitirize kulembedwa deti. M'banja la anthu 5 lija, paketi ya magalamu 500 ikayamba kutha m'masiku 30 m'malo mwa 20, aliyense watsika kuchoka pa magalamu 5 kufika pa 3.3. Ikafika masiku 33 kapena kuposa, mwafika pa theka la supuni lija. Kwathu zinatitengera miyezi inayi. Tsiku lina titadya kwa achibale, mayi analawa kamodzi, n'kundinong'oneza kuti ndiwozo zawawa mchere, komatu wophikayo anathira mmene iwo ankathirira kale. Titabwerera kunyumba anatenga cholembera n'kulemba okha deti pa paketi yatsopano.